Stelingi inali yokongola, koma huta inakana kulira

Loweruka lija ndinali pa Mosi-oa-Tunya Road cha m'ma 11 koloko m'mawa, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lili ndi mlandu na munthu. Amayi anali pampando wakutsogolo, kachikwama kawo pamiyendo, tikupita kukaona wodwala. Titafika pafupi ndi Mukuni Park, paja amagulitsa ziboliboli, mlendo wina wa chipewa chachikulu anangotsika mumsewu maso ali kumanzere. Kwawo motoka zimayenda kudzanja lamanja, ndiye anayang'ana kumene anazolowera. Ine ndinali kubwera kumanja kwake.

Ndinamenya huta. Zii. Ndinamenyanso na chikhatho chonse. Zii.

Mabuleki ndiwo anatipulumutsa. Matayala analira, kachikwama ka amayi kanagwera pansi, mlendo uja analumpha n'kugwira pamtima. Panatsala malo oti mbuzi chabe ingadutse. Anyamata a ziboliboli anakuwa, wina anati, "Ba sister, huta munaisiya kunyumba?" Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Anatola kachikwama kawo, n'kuyang'ana stelingi yanga yatsopano nthawi yaitali, kenako anati, "Ichi chinthu anakuikira ndani?"

Ndinaika ndine. Ndipo nkhani ya lero ni imeneyo.

Inu amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ntchito yanga ni kuthamangira oimba, ma DJ na maphwando. Diploma yanga ni ya utolankhani, za motoka sindinaphunzireko olo tsiku limodzi. Koma ndili na ka Vitz, kaja kochokera ku Japan ngati motoka zambiri zamene mumaziona m'tauni muno, kamene ndinagula kwa munthu amene naye anagula kwa munthu. Injini ilibe vuto. Vuto linali stelingi. Kutentha kwa kuno ku Livingstone kunaidya pamwamba ponse, inasupuka, inayamba kumata. Ukayendetsa kuchoka ku Dambwa kufika m'tauni, manja amatuluka akuda ngati wagwira makala. Ndinayesa kuveka kava ya pamsika, koma inali kuterera pokhota. Tsiku lina ndinanyamula woimba wina kupita naye kumalo ojambulira zithunzi, iye n'kunena kuti, "Stelingi yanu ili monga mango yamene anadya mwana." Ndinaseka naye, koma usiku sindinagone bwino.

Ndiye nditapita ku Lusaka pa ntchito, ndinaiona m'shopu ina ya zokongoletsera motoka. Ya mtengo wonyezimira, timiyendo titatu ta chitsulo, pakati dzina la kampani ya ku Italy. Manje ndikudziwa kuti dzinalo linali lomata chabe, koma tsikulo ndinaona Facebook yonse ikundiwombera m'manja. Mnyamata wogulitsa anandipatsa stelingi, chitsulo cholumikizira chimene amati boss kit, na kanthu kang'ono ngati njere ya mpunga kokhala na timawaya tiwiri. "Aka ni ka resistor," anatero. "Mukachosa airbag, kalaiti kazayaka pa dashibodi. Mufake aka, kazazima. Vonse vili chabe bwino."

Mwamva mawu amenewo? Mukachotsa airbag. Ine ndinawamva, koma anadutsa ngati nyimbo ya mu minibasi. Stelingi za mtundu umenewu zilibe malo a airbag. Ukaika, ndiye kuti wachotsa chinthu chimene chinaikidwa kuti nkhope yako isamenye chitsulo pangozi, ndipo ka resistor ntchito yake ni kunamiza kompyuta ya motoka kuti airbag ikadalipo. Ndinalipira pafupifupi kota ya malipiro anga kuti ndigule bodza lonamiza motoka yanga yomwe.

Makanika ndinamuona ngati wodula. Ndinaonera mavidiyo awiri pa YouTube, n'kubwereka zipangizo kwa neba, Lamlungu masana n'kuyamba. Ndikuuzeni zimene ndinalakwitsa, kaili ndi zambiri ndipo zina zikanandivulaza tsiku lomwelo.

Batire ndinachotsa, zoona, koma sindinadikire. Airbag nditaitulutsa ndinaiika pampando chafufumimba, chizindikiro cha Toyota chili pansi. Nati yaikulu yapakati ndinaimasula yonse n'kuiika m'thumba, kenako ndinayamba kukoka stelingi. Inakana. Ndinakoka na mphamvu zonse, mapazi nditaponda pansi, mpaka inangoti fwa, n'kundimenya pachibwano. Mlomo unatupa masiku atatu, ku ofesi ndinati ni dzino. Ndiye kuseli kwa stelingi ndinapeza kachinthu kozungulira ka pulasitiki, kokhala na waya wachikasu. Ndinakagwira, kanazungulira mofewa bwino. Ndinakazunguzanso, kawiri kapena katatu, ngati mwana wapeza chidole. Kenako ndinaika boss kit, stelingi, ka resistor, n'kumanga. Huta inalira, kalaiti kanazima. Ndinajambula chithunzi. Anthu anakonda maningi.

Ndinayenda nayo masiku asanu. M'mawa wa Loweruka lija, potuluka pa geti, ndinakhotetsa stelingi mpaka kumapeto kuti ndipewe ngalande. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, twa, ngati wathyola kamtengo ka machesi. Kalaiti kofiira ka airbag kanayaka. Ndinati ah, ka resistor kasuntha, ndidzakaona mawa. Amayi analowa, tinanyamuka.

Madzulo ake amayi sanandikalipire. Anangoimba foni kwa mlongo wawo. Amalume anayendetsa taxi zaka zambiri, nthawi ija ma taxi onse anali a buluu, kunyamula alendo kuchoka m'tauni kupita ku mathithi na ku boda. Msewu wa Mosi-oa-Tunya, makilomita 10 aja kuchoka m'tauni kufika ku mlatho wa 1905, amaudziwa ngati khonde la nyumba yawo. Manje anapuma, amangokonza motoka za anthu pansi pa mtengo wa mango ku Maramba. Lolemba m'mawa ndinapita.

Analowa m'motoka, anagwira stelingi, anaigogoda na chala. "Yabwino," anatero. "Airbag ili kuti?"

"Ili kunyumba, amalume. Pansi pa bedi."

Anandiyang'ana. "Iwe mwana, unagona pamwamba pa bomba masiku yonse aya? Kaitenge. Uinyamule nkhope yake ili kumwamba, osati kuyang'ana kuli iwe."

Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri kuposa semesita yathunthu. Kachidole kaja ndinazunguza dzina lake ni spiral cable, ena amati clock spring. M'kati mwake muli lamba wopyapyala wa mawaya, wokulungidwa ngati tepi ya kaseti. Ndi iye amapititsa magetsi ku huta, ku airbag na ku mabatani a pa stelingi pamene stelingi ikuzungulira. Lambayo ali na malire: amazungulira pafupifupi kasanu kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena, ndiye mawilo akakhala owongoka, iye ayenera kukhala pakati, kawiri na theka mbali iliyonse. Ine nditamuzunguza ndinamusiya pafupi na kumapeto. Masiku asanu ndinali kukhota pang'onopang'ono, anapirira. Tsiku lokhota mpaka kumapeto, anaduka. Twa uja anali iyeyo.

Chimene chinandizizira m'mimba ni chimene amalume ananena pambuyo pake. "Kalaiti kaja kakayaka, motoka ikukuuza kuti mu ma airbag muli vuto. Osaganiza kuti ni mbali yako chabe. Na ya amayi ako siungaidalire." Ndiye Loweruka lija, tikanamenya chinthu, ine ndinalibe airbag, amayi anali na yosadalirika, huta inalibe mawu. Zonsezi chifukwa woimba wina anaseka stelingi yanga.

Ndinafunsa ngati tingangogula spiral cable ina n'kubwezera stelingi ya mtengo. Amalume anati manja awo sagwira ntchito imeneyo. "Motoka ni yako. Koma mlongo wanga sakwera." Nkhani inathera pomwepo.

Tinayenda m'malo ogulitsa zitsulo za motoka zophwasulidwa, tinapeza stelingi ya Vitz ya chaka chimodzimodzi, yosasupuka, na spiral cable yake. Wogulitsa anafuna kutigulitsa pamodzi na airbag. Amalume anakana, anati tibwezera yathu, imene tikudziwa kumene yachokera. Apa panali nkhani ina imene ine, mtolankhani wathunthu, sindinkaidziwa. Kampani ya ku Japan ya Takata inapanga ma airbag amene mankhwala ake ophulitsira, ammonium nitrate, amawonongeka akakhala zaka zambiri m'malo otentha ndi achinyezi. Akaphulika, chitsulo chake chimatha kusweka n'kuponya zidutswa kumaso kwa munthu. Anthu anafa nazo m'maiko angapo, ma airbag oposa 100 miliyoni anaitanidwa kuti akasinthidwe padziko lonse, kampaniyo n'kugwa mu 2017. Anali m'motoka za Toyota, Honda, Nissan, Mazda na zina zambiri za m'zaka za m'ma 2000, zomwezi zadzaza m'misewu yathu. Ndiye airbag ya pa shelefu, yopanda mbiri, imene yakhala padzuwa zaka zosadziwika, si chinthu chogula ngati tomato. Ndipo olo yanu imene inabwera na motoka, tengani nambala ya chassis mukafunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa motoka yanu ngati ili pa mndandanda wofunika kusinthidwa. Kufunsa chabe sikudula.

Kubwerera pansi pa mango, amalume anakhala pa mpando n'kundipatsa sipanala. "Unayamba wekha, uzasiliza wekha. Ine nizakamba chabe."

Poyamba mawilo. Motoka iime pamalo osalala, mawilo akutsogolo owongoka ndithu, kiyi itachotsedwa. Kenako batire: kumasula waya wa negetivu, wa chizindikiro cha minus, na sipanala ya 10, n'kumupinda kutali kuti asabwerere yekha kukagunda. Ndiye kudikira. Mu dongosolo la airbag mumatsala magetsi kwa kanthawi olo batire itachotsedwa, kuti igwirebe ntchito ngozi ikadula mawaya. Mabuku a Toyota amati masekondi 90 osachepera. Amalume amati mphindi khumi, ndipo mphindi khumizo amamwa tiyi. Ine tsiku loyamba lija ndinadikira nthawi yongoyenda kuchoka ku boneti kufika pa chitseko.

Pa stelingi yeniyeni ya Toyota, airbag imagwiridwa na timabawuti tiwiri ta m'mbali, ta mutu wa nyenyezi, timene timafuna Torx T30. Sikuludiraiva wamba amangodya mutu wake, ndiye mudzalira. Motoka zina zilibe timabawuti, zili na timasipuling'i tokankha kudzera pa kabowo, choncho dziwani yanu musanayambe kukanyanga. Mawaya onse a airbag ali na mapulagi achikasu, ndipo pulagi ili na kaloko kake kamene umayamba wakweza usanakoke. Osakoka waya. Osaika mita yoyezera magetsi pa airbag kuti muone ngati ili moyo, chifukwa magetsi ang'onoang'ono a mitayo angathe kuiphulitsa. Ndipo mukaichotsa, igoneke chagada, mbali yofewa kumwamba, kutali na anthu. Ikaphulika ili chagada, thumba limangofufuma. Ikaphulika ili chafufumimba ngati mmene ndinaiikira ine, chitsulo chonse chimauluka.

Nati yapakati ni ya 19. Apa amalume anandigwira dzanja. "Masula, koma osachosa. Isiye igwire pang'ono." Ndinawaonetsa chibwano changa, anaseka mpaka kutsokomola. Stelingi imakhala pa mtengo wachitsulo wokhala na timano ting'onoting'ono, ndipo imamatirira. Umaigwedeza uku na uku, kumanja kumanzere, pamwamba pansi, ukukoka. Ikamasuka imalumpha, koma nati ija imaigwira isanafike kumaso. Hamala ayi. Kumenya mtengowo na hamala kumawononga za m'kati zimene zinapangidwa kuti zifupike pangozi. Ikakanitsitsa pali chida chokokera, makanika aliyense weniweni ali nacho. Ndipo musanaichotse, lembani kamzere na maka pa mtengo na pa stelingi, kuti mudziwe pamene inali. Ine ndinalibe kamzere chifukwa tsiku loyamba sindinalembe, ndiye tinadalira maso a amalume.

Kenako spiral cable. Kuti tifike pa iyo tinamasula mapulasitiki ophimba kuseli kwa stelingi, tinachotsa yoduka ija, ndinaitsegula kuti ndione. Lamba anali atang'ambika ngati risiti. Inayo tisanaimange, amalume anandiuza kuti ndiizunguze pang'onopang'ono na chala chimodzi mobwerera kumanzere mpaka nditamva kuti yayamba kulimba. "Ima. Osakakamiza." Kenako kubwerera kumanja kawiri na theka, mpaka timivi tiwiri tolembedwa pa pulasitiki titayang'anizana. Malangizo amenewa analembedwa pa kastika kachikasu pa chinthucho. Tsiku loyamba kastikako kanalipo. Sindinakawerenge. Munthu wolipidwa chifukwa cholemba kuti anthu awerenge.

Tinaimata na kaselotepi kuti isasunthe, tinalowetsa mawaya pa bowo la stelingi, stelingi n'kukhala pa timano take ili yowongoka, kaselotepi n'kuchotsa. Nati imafuna kumangidwa pa 50 Nm, ndipo amalume anakabwereka sipanala yoyezera mphamvu kwa mnzawo m'malo mongoyerekeza. Ndinadabwa, kaili ndimawadziwa ngati munthu wa "manja yanga ni sikelo". Anati pa mawilo na pa stelingi sachita masewera. Pulagi ya huta, pulagi yachikasu mpaka kaloko katati kwa, airbag pamalo pake, timabawuti tiwiri.

Pobwezera batire anandiuza kuti m'motoka musakhale munthu. Poyatsa kiyi koyamba anati ndiime panja, ndilowetse dzanja chabe, mutu kutali na stelingi. Kalaiti ka airbag kanayaka. Mtima unagunda. Ndinawerenga: wani, thu, fili, folo, faifi, sikisi. Kanazima. Ndi mmene kamayenera kuchitira: kuyaka masekondi pafupifupi 6 pamene motoka ikudziyeza, kenako kuzima. Kakapanda kuyaka n'komwe, kapena kakakhala koyaka, pali vuto, ndipo pamafunika makina owerengera kompyuta ya motoka, osati selotepi yakuda yomata pa dashibodi monga amachitira ena ogulitsa motoka. Mukamagula motoka, yang'anani kalaiti kameneka. Ngati sikayaka poyatsa kiyi, funsani chifukwa.

Tinakhotetsa stelingi mpaka kumapeto kumanja, mpaka kumapeto kumanzere, tikumenya huta mbali zonse. Nkhuku za aneba zinabalalika.

Manje mudzandifunsa kuti, kodi munthu angasinthe yekha stelingi? Angathe. Ntchito yake yeniyeni sifika ola limodzi, zida zake ni zochepa. Koma ine ndinganene kuti muchite zimenezi pokhapokha ngati mukubwezera stelingi ya mtundu womwewo, na airbag yanu yomweyo, ndipo pambali panu pali munthu amene anachitapo. Ngati motoka yanu ni yatsopanoko, ya mabatani ambiri na masensa kuseli kwa stelingi, pitani nayo kwa odziwa, chifukwa zina zimafuna kukonzedwa na kompyuta mukamaliza. Ndipo ngati vuto ni kusupuka chabe, pali anyamata osoka mipando ya motoka amene amasokerera chikopa pa stelingi osaichotsa n'komwe. Zimenezi ndinazimva mochedwa, ndalama zitapita kale: stelingi ya mtengo, boss kit, stelingi ina, spiral cable. Makanika amene ndinamuthawa akanandidya kachigawo kakang'ono ka zimenezo.

China chimene amalume anandichenjeza: stelingi ikakhala yopendama motoka ikuyenda mowongoka, osathamangira kuichotsa n'kuisuntha pa timano. Nthawi zambiri vuto lili pansi, ku alaimenti ya mawilo, makamaka na maenje a m'misewu ya m'makomboni mwathu. Kusuntha stelingi ni kubisa matenda, matayala akupitiriza kudyeka mbali imodzi.

Za ma stelingi a mpikisano, ndikudziwa anyamata a ma Altezza na ma RunX andikwiyira. Pepani. M'motoka za mpikisano amachotsa airbag chifukwa woyendetsa wavala chisoti, wamangidwa malamba a m'mapewa onse, wazunguliridwa na zitsulo. Iwe wavala T-shirt, uli pa Mosi-oa-Tunya Road, kutsogolo kwako kuli thiraki yopita ku boda, kumanzere njinga yosenza katundu wotalika kuposa mwini wake, kumanja mlendo woyang'ana kolakwika, ndipo ukapitirira kulowera ku mathithi madzulo, njovu zimadutsa msewu osapempha chilolezo. Ndiponso ku fitinesi ya RTSA huta amaiyesa. Ine yanga ikanandigwetsa, ndikanayamba kufotokozera ofisala nkhani ya mango yodyedwa na mwana.

Madzulo a Lolemba lomwelo tinapita kukayesa motoka, amalume ali pambali. Tinadutsa Livingstone Museum, tinatsika mpaka kumene nyumba zimathera n'kuyamba tchire la paki. Stelingi inali yowongoka, indiketa inali kuzima yokha tikamaliza kukhota. Patsogolo motoka zitatu zinali zitaima, mahazadi akuphethira. Njovu zinayi na kamwana zinali kuwoloka pang'onopang'ono. Dzanja langa, mwa chimwemwe cha huta yatsopano, linayamba kupita pakati pa stelingi. Amalume analimenya. "Apa ayi! Wapenga? Apa uzimya na wailesi yomwe." Tinakhala chete mphindi zingapo mpaka yomaliza italowa m'mitengo.

Stelingi ya mtengo ija ndinafuna kuigulitsa, wina anali atafunsa kale mtengo ku inbox. Amalume anaitenga, anati ni malipiro awo. Anaikhomera pa thabwa pansi pa mango, ndipo adzukulu awo amaiyendetsa tsiku lonse kupita ku Lusaka na kubwerera, huta akuliza na pakamwa. Amayi anakweranso Lamlungu lotsatira. Asanamange lamba anati, "Liza." Ndinaliza. "Lizanso." Ndinalizanso, mpaka neba anasuzumira pa windo. Ndiye anamanga lamba, n'kuika kachikwama pamiyendo, n'kunena kuti tachedwa ku tchalitchi.